Chakudya cha zinkhwe cha Harrison's High Potency Coarse: zimene ndaona m'miyezi 14

Papita miyezi 14 chiyambireni kudyetsa chinkhwe chathu chakudya chotchedwa Harrison's High Potency Coarse, ndipo ndikuona kuti nthawi imeneyi ndi yokwanira kuti ndinene maganizo anga pa ubwino wake, pa mtengo wake, komanso pa ntchito imene munthu amayamba waigwira phindu lake lisanaoneke. Chinkhwe chathucho ndi cha mtundu wotuwa wa mchira wofiira, umene kuno ku Britain amautcha African grey. Chinalowa m'nyumba mwathu mumzinda wa Leicester chili ndi zaka 19, pamene mayi wina wachikulire woyandikana nafe anasamukira ku nyumba yosamalira okalamba, kumene ziweto siziloledwa. Ana anga anachitcha Kapitao chifukwa cha khalidwe lake lolamula aliyense wodutsa pafupi ndi khola lake, ndipo dzinalo linakhazikika mpaka lero.

Kapitao anabwera ndi thumba lalikulu la njere zosakaniza, zimene mayi uja ankagula pa sitolo ina ya zakudya za ziweto kwa zaka zonse zimene anakhala naye. M'thumbamo munali mpendadzuwa wochuluka, mtedza wosasenda, chimanga chouma, tsabola wouma ndi tizidutswa ta zipatso zoumitsa, ndipo kunja kwake kunali chithunzi cha chinkhwe chooneka chathanzi. Ine ndinakulira pakhomo pamene nkhuku zinkadya gaga ndi zotsalira za nsima n'kumaikira mazira popanda vuto, choncho sindinaone cholakwika chilichonse. M'mawa uliwonse ndinkadzaza mbale, madzulo n'kuipeza ikadali yodzaza ndithu, ndipo ndinkaganiza kuti mbalameyo ili ndi chakudya chambiri kuposa chimene ingathe kumaliza. Zinanditengera milungu ingapo kuti ndizindikire kuti chimene chinkadzaza mbaleyo madzulo anali makoko ndi njere zimene Kapitao sankazifuna, pamene mpendadzuwa ndi mtedza zinali zitatha kalekale. Pa zinthu khumi zolembedwa pa thumba lija, iye ankadya ziwiri zokha.

Tinapita naye kwa dokotala wa ziweto wodziwa za mbalame tsiku limene anagwa pa mtengo wake usiku n'kuyamba kunjenjemera kwa kanthawi ngati munthu wodwala khunyu. Dokotalayo anamuika pa sikelo n'kupeza kuti akulemera magalamu 512, zimene ananena kuti n'zochuluka poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo atayeza magazi anapeza kuti kashiyamu ndi wochepa. Anatifotokozera kuti njere za mpendadzuwa pafupifupi theka lake ndi mafuta, kuti zili ndi kashiyamu wochepa kwambiri poyerekeza ndi fosiforasi, komanso kuti mulibe vitamini A wokwanira. Vitamini ameneyu akasowa, khungu la m'kamwa ndi la m'njira yopumira limakhakhala n'kulephera kutchinga matenda, choncho mbalame imayetsemula pafupipafupi, mphuno zimatsekeka, ndipo nthawi zina m'kamwa mumatuluka timadontho toyera. Mafuta ochuluka nawo amakaunjikana m'chiwindi. Zinkhwe zotuwa zimadziwika kuti zimavutika ndi kuchepa kwa kashiyamu m'magazi kuposa mitundu ina yambiri, ndipo kugwa kuja kunali chizindikiro chake.

Za mtedza wosasenda dokotala sanafunikire kundiuza zambiri, pakuti aliyense amene anasungapo mtedza m'nyumba yachinyontho kumudzi amachidziwa chuku. Nkhungu imeneyi imatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo ndi vuto lomwelo limene lakhala likulepheretsa mtedza wa ku Malawi kulowa m'misika ina ya kunja. Kwa mbalame kuopsa kwake kuli pawiri, chifukwa ikamaswa khoko ndi mlomo imapumanso fumbi la nkhunguyo, limene lingakamere m'mapapo ndi m'matumba a mpweya amene mbalame zili nawo m'thupi n'kuyambitsa matenda ovuta kuchiza. Ndinataya thumba lonselo tsiku lomwelo, ngakhale kuti pambuyo pake ndinakagulanso mpendadzuwa wochepa wa mtundu wodya anthu, pa chifukwa chimene ndifotokoze.

Chakudya cha Harrison's chinayambitsidwa ndi Greg Harrison, dokotala wa mbalame wa ku Florida m'dziko la America, ndipo chimapangidwa kuchokera ku mbewu zolimidwa popanda feteleza wa m'mafakitale kapena mankhwala ophera tizilombo. Maganizo ake ndi osavuta kumva: mbewu monga mpendadzuwa, balere, soya, nsawawa ndi chimanga amazigaya pamodzi, amathiramo kashiyamu ndi mavitamini, kenako amaumba timibulu, kuti mbalame isathenso kusankha chimene ikukonda n'kusiya chimene thupi lake likufuna. Mtundu wa High Potency Coarse uli ndi zomanga thupi zosachepera 18 pa 100 ndi mafuta osachepera 15 pa 100, pamene wa Adult Lifetime Coarse uli ndi zomanga thupi 15 pa 100 ndipo mafuta ake ndi ochepa kwambiri. Kampaniyi imalangiza kuti mbalame iliyonse imene ikuchoka pa njere iyambe ndi High Potency kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi, ndipo zinkhwe zotuwa imaziika m'gulu la mitundu imene ingapitirize kudya chakudyachi moyo wonse.

Munthu akatsegula thumba koyamba akhoza kukhumudwa ndi maonekedwe ake. Timibuluti ndi tofiirira ngati chigumu chouma, tambali zinayi, tokula ngati nsonga ya chala, ndipo fungo lake ndi la ufa wa mbewu zokazinga basi. Mulibe utoto wofiira, wobiriwira kapena wachikasu umene umapezeka m'zakudya zina za mtundu umenewu, ndipo mulibe fungo lochita kuthira la zipatso. Poyamba ndinaona ngati ndi kuipa kwake, koma tsopano ndimaona kuti ndi ubwino waukulu, chifukwa woweta mbalame amawerenga thanzi lake pa zitosi, ndipo chakudya chautoto chimasintha mtundu wa zitosizo mpaka munthu sangadziwe ngati akuona utoto kapena magazi. Kukula kwa timibuluti n'koyenerera chinkhwe chotuwa, chifukwa chimadya chitagwira chakudya ndi phazi limodzi monga mmene munthu amagwirira chimanga chootcha. Ndinalawako kamodzi pofuna kudziwa chimene ndikupatsa mbalame, ndipo kukoma kwake kuli ngati kwa bisiketi yopanda shuga.

Gawo lovuta la nkhani yonseyi ndi kuphunzitsa mbalame kudya chakudyachi, ndipo amene akuganiza zogula ayenera kukonzekera gawo limeneli kuposa kukonzekera ndalama. Chinkhwe chimene chadya njere kwa zaka 19 sichidziwa kuti kambulu kofiirira ndi chakudya. Tsiku loyamba Kapitao anatenga kamodzi, anakatembenuza ndi lilime, n'kukaponya kunja kwa khola, kenako anachita chimodzimodzi ndi tina tonse mpaka mbale inayera. Apa m'pamene anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti njala ikamugwira adya yekha, monga timanenera za mwana wokana ndiwo. Chinkhwe chikhoza kukhala ndi njala mpaka kudwala mbale ili yodzaza ndi chinthu chimene sichikuchizindikira, ndipo mbalame imafooka msanga kuposa galu kapena mphaka. Dokotala anatiletsa kuchotsa njere mwadzidzidzi, ndipo anatiuza kuti tigule kasikelo ka kukhitchini koyeza magalamu, tiziyeza mbalameyo m'mawa uliwonse isanadye n'kulemba m'kope, ndipo tikaona kuti kulemera kwake kukutsika mofulumira kapena kwayandikira kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, tibwerere m'mbuyo n'kumuimbira foni.

Ndondomeko imene tinatsata inali yakuti timibulu tizikhala m'mbale tsiku lonse, pamene mpendadzuwa unkaperekedwa kawiri kokha, m'mawa ndi madzulo, kwa theka la ola, ndipo mlingo wake unkachepa mlungu uliwonse. Milungu iwiri yoyambirira sinabale kanthu kupatula zinyenyeswa pansi ndi mkwiyo wa Kapitao, amene anaphunzira kugogoda mbale yake pa waya mpaka munthu atatuluka m'chipinda. Chimene chinathandiza chinachokera kwa mkazi wanga. Iye anasinja timibulu tingapo mumtondo waung'ono mpaka kukhala ufa, anaphika mbatata yachikasu mkati, n'kusakaniza ziwirizo monga mmene amakonzera futali, kungoti popanda mchere kapena shuga, ndipo anapereka chosakanizacho chili chofunda pa supuni. Mbalameyo inadya chifukwa cha mbatata, koma lilime linazolowera kukoma kwa ufawo. Tsiku ndi tsiku ufa unkachuluka ndipo mbatata inkachepa. Kampaniyi imagulitsanso ufa wophikira buledi wa mbalame pa cholinga chomwechi, koma ife sitinaugule, chifukwa mbatata inali itagwira kale ntchitoyo.

Chinthu chachiwiri chimene chinathandiza ndi khalidwe la zinkhwe lofuna kudya chimene anzawo akudya. Kutchire zimadya pagulu, ndipo m'nyumba gulu lake ndi anthu a m'banjamo. Tinasuntha khola kuti likhale pafupi ndi tebulo, ndipo pa nthawi ya chakudya chamadzulo mwana wanga wamng'ono ankaika timibulu pa kambale kake, n'kumayerekeza kutafuna uku akukana kugawira mbalameyo. Kapitao sapirira kumanidwa. Pa tsiku la 23 anatsika pa khola, anayenda pa tebulo, analanda kambulu kamodzi, ndipo m'malo mokaponya anakagwira ndi phazi n'kuyamba kukukuta. Sindinakhulupirire msanga, chifukwa chinkhwe chimatha kuphwanya chakudya osameza, choncho umboni ndinkaufuna pa sikelo ndi pa zitosi. Zitosi za mbalame yodya njere zimakhala zobiriwira moderako, za yodya timibulu zimakhala zofiirira ndiponso zokulirapo, pamene za mbalame imene sikudya n'komwe zimakhala zochepa ndi zakuda. Pofika mlungu wachisanu ndi chiwiri zitosi zinali zitasintha mtundu, kulemera kunali kutakhazikika, ndipo mpendadzuwa unangotsala ngati mphotho ya njere zisanu kapena zisanu ndi imodzi patsiku pomuphunzitsa kukwera pa dzanja.

Zotsatira zake sizinabwere mwamsanga, ndipo wogulitsa aliyense wolonjeza kusintha m'milungu iwiri sakudziwa mmene nthenga zimamerera. Kuyetsemula kunachepa m'mwezi wachitatu. Khungu la m'mapazi, limene linali louma ndi lamamba, linayamba kusalala chapakati pa chaka. Kusintha kooneka ndi maso kunadza mbalameyo itathothoka nthenga zakale n'kumera zatsopano, pamene mchira unatuluka wofiira kwambiri ndipo nthenga za m'mapiko zinalibenso mizere yodutsa m'mbali imene dokotala anati imasonyeza kuti thupi linkavutika pa nthawi imene nthengazo zinkamera. Kulemera kwake kunatsika pang'onopang'ono kufika magalamu 468, ndipo kwakhala pamenepo kwa miyezi isanu. Magazi anayezedwanso patatha miyezi isanu ndi umodzi ndipo kashiyamu anali pa mlingo woyenera. Kugwa kuja sikunachitikenso.

Chilungamo chikundikakamiza kunena kuti sindingapereke ulemu wonse kwa chakudya chokha, chifukwa pa nthawi yomweyo tinasinthanso nkhani ya kuwala. Thupi la mbalame limafuna vitamini D3 kuti litenge kashiyamu m'chakudya, ndipo vitaminiyu amapangika khungu likalandira cheza cha dzuwa cha mtundu wa UVB, chimene sichidutsa pa galasi la zenera. Dokotala wa ziweto wa kuno ku Britain, Michael Stanford, anafufuza nkhani imeneyi pa zinkhwe zotuwa ndipo anaonetsa kuti chezacho chimakweza kashiyamu m'magazi a mbalamezi. Kapitao anakhala zaka zambiri m'chipinda chochezera cha dziko limene m'nyengo yozizira dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo. Tinagula nyale yapadera ya mbalame yotulutsa cheza chimenechi, ndipo m'chilimwe timatulutsa khola panja pamthunzi wa mtengo kwa ola limodzi. Woweta chinkhwe ku Lilongwe kapena ku Johannesburg vuto limeneli angalithetse popanda kugula kanthu, malinga ngati khola lili ndi mbali ya mthunzi kumene mbalame ingathawire kutentha.

Pali mfundo imodzi imene sindigwirizana nayo kwathunthu. Malangizo a kampaniyi amati zakudya zina zowonjezera zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya cha tsiku, ndipo zikhale masamba obiriwira kwambiri ndi zinthu zachikasu mkati monga karoti, dzungu, mbatata, mango ndi papaya. Cholinga chake ndikuchimvetsa, chifukwa munthu akapatsidwa ufulu amadzaza mbale ndi mphesa ndi maapozi, zimene ndi madzi ndi shuga, ndipo mbalame imakhuta zimenezo n'kusiya timibulu. Komabe chinkhwe kutchire chimatha maola ambiri chikufunafuna chakudya, kuswa ndi kusenda, pamene mbale ya timibulu imatha m'mphindi zochepa, ndipo mbalame yanzeru chotere ikasowa chochita imayamba kudzizula nthenga. Titakambirana ndi dokotala, tinagwirizana kuti masamba azifika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Timamangirira tsamba lathunthu la repu kapena la mpiru pa waya kuti aling'ambe yekha, timamupatsa nsawawa zili m'makoko mwake, ndipo timibulu tina timatikulunga m'pepala n'kutibisa m'malo osiyanasiyana m'khola. Tsabola wofiira amadya ndi njere zomwe popanda kutsokomola, popeza mbalame sizimva kuwawa kwa tsabola. Kawiri pa mlungu amalandira kadontho ka mafuta ofiira a mgwalangwa wa mtundu umene zipatso zake zinkhwe zotuwa zimadya m'nkhalango za ku Congo ndi ku Cameroon. Anthu a ku Karonga mafuta amenewa amawadziwa ndi dzina loti mawese, ndipo kuno ndimawagula m'sitolo za anthu a kumadzulo kwa Africa.

Zimene sitimupatsa n'zochepa koma sitinyengerera. Mapeyala ali ndi poizoni wotchedwa persin amene angaphe mbalame, ndipo ndinachita kuuza mlendo aliyense wochokera kumudzi, chifukwa kwa ife peyala ndi chipatso chofewa chimene timapatsa ngakhale khanda. Chokoleti, khofi, tiyi, mowa, anyezi ndi chilichonse chamchere kapena chokazinga m'mafuta sizifika pafupi ndi khola. Nsima yopanda ndiwo sivulaza ikakhala kachidutswa kakang'ono, koma imadzaza mimba popanda kupereka kanthu, choncho Kapitao amailawa Lamlungu lokha. Chofunika kudziwanso n'chakuti mbalame yodya timibuluti siyenera kuthiriridwanso mavitamini m'madzi popanda langizo la dokotala, chifukwa vitamini A ndi D zikachuluka zimaunjikana m'thupi n'kukhala vuto lina.

Mtengo wake ndi wokwera, ndipo palibe chifukwa chobisira. Pa kulemera kofanana, Harrison's amadula kangapo kuposa njere zosakaniza za m'masitolo wamba. Koma kuwerengera kotereku kumasocheretsa, chifukwa pa njere munthu amalipirira makoko ndi zonse zimene mbalame imataya, pamene pa timibulu Kapitao amadya masupuni akuluakulu awiri kapena atatu patsiku ndipo zotayika ndi zinyenyeswa zokha. Ndikayerekeza ndi ndalama zimene ndinalipira pa ulendo umodzi wa kwa dokotala, kuphatikizapo kuyeza magazi, chakudya cha miyezi ingapo chimatsika mtengo. Matumba ake alipo a magalamu 454, a makilogalamu 2.27 ndi aakulu a makilogalamu oposa 11. Wokhala ndi mbalame imodzi asakopeke ndi thumba lalikulu ngakhale likuoneka lotsika mtengo, chifukwa chakudyachi chilibe mankhwala ochisunga nthawi yaitali, ndipo malangizo ake amati chikatsegulidwa chithe pasanathe milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Chiyenera kukhala m'thumba lake lomwelo, mpweya utafinyidwa ndipo zipi yatsekedwa bwino. Ine ndimagula la magalamu 454, limene limatifikitsa pafupifupi milungu itatu, ndipo ndimaitanitsa awiri nthawi imodzi pa intaneti chifukwa m'masitolo akuluakulu a zakudya za anthu sichipezeka.

Kavuto kena kakang'ono kamachokera kwa mbalame mwiniwake. Timibuluti ndi touma, choncho Kapitao amamwa madzi ambiri kuposa kale, ndipo anatulukira yekha luso lonyika kambulu m'madzi asanadye, monga mmene achikulire amanyikira buledi mu tiyi. Madziwo amasanduka phala pofika masana, ndipo phala limenelo limasasa msanga m'nyumba yofunda. Tinaika mbale ya madzi kutali ndi ya chakudya, koma iye amangoyenda ulendowo kambulu kali kukamwa, choncho timasintha madzi katatu patsiku.

Kwa woweta chinkhwe chotuwa chimene chakulira pa njere, makamaka chachikulire kapena chimene chayamba kuonetsa zizindikiro ngati zimene ndatchula, chakudyachi ndingachivomereze popanda kukayika, malinga kusinthako kuchitike ndi sikelo pafupi komanso dokotala atayamba waona mbalameyo, pakuti mbalame yodwala kale siyenera kuumirizidwa kusintha chakudya. Oweta mbalame zing'onozing'ono za mtundu wa zinkhwe asagule Coarse, chifukwa ndi wamkulu kwa milomo yawo. Alipo a Fine ndi Super Fine opangidwira zoterozo. Amene mtengo wawakulira, kapena ali kumene Harrison's safika, angayang'ane timibulu ta makampani ena monga NutriBird ya Versele-Laga ya ku Belgium, ngakhale kuti ineyo sindinaiyese ndipo sindinganene mmene mbalame imailandirira. Ife tikuyembekezera kuyeza magazi kwachitatu mwezi wamawa, ndipo dokotala wanena kuti akaona zotsatira ndi kulemera kwa Kapitao ndi pamene tidzagamule ngati apitirize ndi High Potency yekha kapena tiyambe kusakaniza ndi Adult Lifetime, popeza mbalame yokhala m'nyumba siuluka mokwanira kuti iwotche mafuta onse amene ikudya.